Belo langa, dzina la bwana

Abusa andinong'oneza kuti ndisatalikitse, komanso kuti ndinene mawu omanga anthu. Choyambacho ndiyesetsa, chachiwiricho sindikulonjeza. Ine ndine Maliko, uja wokonza mafoni pakhonde la golosale pa Wimbe. Ena a inu mukundidziwa chifukwa tinkagwera m'ngalande imodzi, ena mukundidziwa chifukwa foni yanu ndinaimwera. Azibambo anzanga, ine mowa sindinasiye chifukwa cha mtima wabwino ayi. Ndinasiya chifukwa cha mkwiyo, ndipo ndikufuna mumve mmene zinayendera.

Bambo anga anachokera ku Phalombe kudzalima fodya wa bale pa esiteti ina konkuno ngati tenanti. Dzina la esitetiyo silikufunika, eni ake akudzidziwa. Pamenepo panalibe wowatchula dzina lawo. Kapitawo, bwana, ngakhale ana a bwana ankangoti aPhalombe, ine n'kukhala Maliko wa aPhalombe. Ndinakulira m'chigafa choyanikamo fodya, manja ali bii ndi utomoni wa fodya. Utenanti mukuudziwa: bwana amakupatsa munda, feteleza ndi chimanga chakudya, iwe ulime, uthyole, usoke, uyanike, usankhe. Likafika tsiku lodinda, belo limalembedwa dzina la bwana, lipite ku okushoni, iwe udikire chimene bwana adzakukumbukire nacho. Bambo anga analima mpaka kufa osaona dzina lawo pa belo ngakhale limodzi, ndipo sindinawamvepo akudandaula. Kwa iwo ndi mmene dziko linalengedwera, ine n'kuyamwira zomwezo osadziwa.

Sukulu ndinamaliza ya sekondale, ntchito osapeza, ndiye ndinayamba zokonza mafoni. Tsiku lina aphunzitsi ena anandiitana kuti ndikaone zinthu zimene ankafuna kutaya. Anali makompyuta akalekale amene azungu anatumiza ngati mphatso, aja olumikiza ku tivi, akulu kuposa ine pobadwa. Ukayatsa, galasi limangokhala lakuda, kakuwala kamodzi kakuphethira pakona, kudikira kuti ulembe malamulo m'Chingerezi. Ukaphonya chilembo chimodzi, yakukana. Ndani pa Wimbe ali ndi nthawi imeneyo? Amene ankaphunzirapo anali makoswe okha.

Ndinamanga angapo pa njinga n'kupita nawo kunyumba. Pa foni ndinapeza gulu la madala a kunja amene amakondabe makina oterewa, anthu opanda chochita koma aulere ndi nzeru zawo, ndipo ankandiyankha mafunso osatopa. Chimene ndinkafuna chinali chimodzi: mwana wa tenanti wosadziwa Chingerezi ayatse, aone zithunzi, aloze chimene akufuna, adine batani, phunziro litseguke.

Kunena n'kosavuta. Mutu wa makina amenewa ndi wochepa zedi, chithunzi chimodzi cha pa foni yanuyo sichingakwanemo. Ndiye chilichonse ndinkajambula kadontho kamodzikamodzi, moumira ngati mayi wogawa ndiwo kwa ana ambiri. Ndinajambula nkhokwe, kuti pakhale posungira ntchito yako. Ndinajambula dzala lotayira zolakwika. Lichero linali posankhira phunziro, kaya kuwerenga kaya masamu. Koma chimene chinandisowetsa mtendere ndi kamuvi kolozera. Ukakayendetsa ndi kandodo kosewerera magemu, kankafufuta chilichonse chimene kadutsapo, n'kusiya mzere kumbuyo ngati nkhono. Ndinalimbana nako dzinja lonse, mpaka ndinatulukira kuti kamuviko kasanaponde pamalo, makina aziyamba asunga zimene zili pansi pake, kakachoka azibwezeretsa. Tsiku limene kanayenda osawononga kanthu ndinavina ndekha pakhonde paja, anthu n'kumati Maliko wayamba chamba.

Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Anatulukira Dalitso, mwana wa bwana uja. Tinasewerapo limodzi mpira wachikulunga tili ana, iye yekha atavala nsapato. Anabwera kudzakonzetsa foni, maso ake n'kugwera pa tivi yanga, kamuvi kakuyenda pakati pa nkhokwe ndi lichero. Anaiwala za foni. Anati ntchito yotereyi siyofunika kugwirira pakhonde pafumbi, ku esiteti kuli chipinda, kuli sola, kuli mabatire, chakudya ndisadandaule. Ndinasamukirako ndi makina anga. Iye ankabwera mwa apo ndi apo, n'kuima kumbuyo kwanga manja m'thumba, kufunsa ngati zikuyenda. Zinayendadi. Achemwali anga a Esinati, amene anakwatiwa ndi tenanti pa esiteti pomwepo ndipo sukulu sanapite nayo patali, anakhala pampando tsiku lina n'kutsegula phunziro okha popanda wowauza. Ndinadziwa kuti ntchito yapsa.

Ndiye Dalitso anati ku Lilongwe kuli bungwe lina lothandiza masukulu a kumudzi, ndipo likufuna kuona.

"Koma ukudziwa mmene zimakhalira, Maliko," anatero. "Kumeneko salandira katundu wopanda dzina lodziwika."

Mvetsetsani bwino pamenepa. Sanandibere, sanandiopseze, sanandigwire dzanja. Ndinakhala pansi ndekha, ndi zala zanga izi, n'kulemba pa tsamba loyamba lija limene limaoneka ukangoyatsa kuti wopanga ndi Dalitso. Ndinalikongoletsanso ndi timasamba ta fodya m'mbali kuti lizioneka bwino. Mumtima munalibe chikayiko n'chimodzi chomwe. Wandipatsa chipinda, sola ndi chimanga, ndiye belo lipite m'dzina la bwana, ine ndidikire. Mwana wa m'tauni sakanachita zopusa zimenezi, koma ine ndinali mwana wa aPhalombe.

Nkhani ndinaimvera pa wailesi, monga wina aliyense. Ankayamikira mnyamata wa ku Kasungu amene waukitsa makompyuta akufa, ndipo Dalitso ankafotokoza mmene anavutikira ndi kamuvi. Kamuvi kanga kaja! Nditapita kukamuona anatulutsa thumba la chimanga, n'kunena kuti nyengo yatha, chipinda chikufunika. Pa tsiku limene a bungwe anabwera kudzaika makinawo pa sukulu ina, ndinavala jekete n'kupita kukadzifotokoza. Mayi wina wa bungwelo anandimvetsera mwaulemu, kenako anangoloza pa galasi pamene panali dzina lija ndi timasamba take. Dalitso anaseka n'kuuza alendowo kuti uyu ndi mwana wa tenanti wathu, ankatithandiza kunyamula mabatire. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Wanga ndinachita kumuika ndekha pa chala cha munthu wina.

Zotsatira zake sindichedwapo, chifukwa njira imeneyi ambiri muno mukuidziwa. Ndinayamba ndi kabotolo kamodzi kuti tulo tibwere. Posakhalitsa ndinkalawirira kwa mayi wotcheza kachasu, moto asanakoleze n'komwe. Ndinagulitsa zitsulo zanga zogwirira ntchito, kenako mafoni a eni, munthu akabwera n'kumamuuza kuti sipeya ikuchokera ku Lilongwe. Ndinagonapo m'chitokosi chifukwa cha foni ya mphunzitsi wina. Mkazi wanga anapirira mpaka tsiku limene ndinagulitsa thumba la chimanga la Dalitso lija pamodzi ndi mphika, ndipo anabereka mwana n'kubwerera kwawo ku Chisemphere. Aliyense wondigulira tambula ndinkamuuza za kamuvi, mpaka anayamba kunditchula kuti Kamuvi. Mukuseka, aBanda, chifukwa munayambitsa ndinu.

Ndinali nditazolowera kunyozeka, koma tsiku lina galimoto ya Dalitso inadutsa pa malo omwera aja itanyamula alendo. Ndinali gone pansi pa mtengo, nsapato ili phazi limodzi. Galimoto inachepetsa liwiro, windo linatsika, ndipo ndinamva mawu ake bwinobwino akuti, "Si uyo akuti anapanga ndi iyeyo. Tamuonani." Anaseka onse, galimoto n'kupita.

Chidani chimene chinandigwira tsiku limenelo ndikuchimvabe pakhosi pano. Ndinkafuna kuti aone chake chikusanduka phulusa ali maso. Inali nyengo imene zigafa zimakhala zodzadza, fodya atauma bwino akudikira kusankhidwa, ndipo inu mukudziwa kuti chigafa cha bale chikagwira moto palibe wozimitsa. Lamulungu m'mawa ndinagula petulo wa m'botolo kwa anyamata a kabaza, machesi m'thumba, n'kudzera njira ya kumunda. Ndinasankha nthawi ya tchalitchi kuti pasakhale munthu, chifukwa ngakhale ndinali woledzera, kupha sindinkafuna.

Ndinalowa m'chigafa chachikulu cha pafupi ndi nyumba ya bwana. Munali zii, fungo la fodya wouma lili ponseponse, fungo limene ndinakula nalo. Ndinatsegula botolo. Ndisanathire, ndinamva wina akutsokomola kumapeto kwa mzere. Anali achemwali anga a Esinati, atakhala pa chiguduli, akusoka masamba omaliza a kunsonga. Kutchalitchi sanapite, fodya salola Sabata. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana botolo, n'kufunsa kuti njinga yamoto ndagula liti. Ndinawauza kuti atuluke, lero Dalitso aone chimene ndinaona ine.

Sanakuwe, sanandigwire. Anamaliza kusoka masamba amene anali m'manja, anaimirira, n'kuloza m'mwamba.

"Yatsa," anatero. "Koma uyambire mzere uwu, ndi wathu ine ndi alamu ako. Wachiwiriwo ngwa aja a ku Dedza, mkazi wawo ndi woyembekezera. Wa Dalitso ukaupeza undiuze."

Ndinakweza maso. Mikangala yonse, timitengo toyanikapo, inali yolemera ndi fodya, ndipo pa mzere woyambawo ndinazindikira mfundo imene bambo anatiphunzitsa kumanga tili ana. Abale anga, chinthu chimenechi ndinkachidziwa ndisanayambe n'komwe sukulu, koma kachasu anali atachifufuta. Fodya ali m'chigafa sanakwere sikelo. Asanakwere sikelo ndi wa tenanti, akapsa wapsa tenanti. Bwana angotuluka, apukuse mutu, n'kuwauza kuti chaka chino palibe chanu, kwerani basi mubwerere kwanu manja lende. Dzina la bwana limabwera pa belo pokha, zinthu zikakhala kuti zayenda bwino. Ndinabwera kudzawotcha Dalitso, koma m'chigafa monsemo munalibe tsamba lake ngakhale limodzi.

Ndinakhala pansi pafumbi. Achemwali anatola botolo, analitseka bwinobwino, n'kuliika kunja padzuwa kutali ndi udzu. Atabwerera anakhala pa chiguduli chawo n'kutola singano.

"Dalitso akuuza anthu kuti ndiwe chidakwa, ndipo tsiku lililonse umamuchitira umboni," anatero osandiyang'ana. "Ukanayatsa akanawonjezera kuti ndiwe wamisala. Bambo athu analimira bambo ake, koma bola ankapatsidwa chimanga. Iwe ukumugwirira ntchito yaulere mpaka liti?"

Ndinalira ngati mwana, mamina ndi misozi. Sikunali kulira kwa kulapa, ndisakunamizeni muno m'tchalitchi. Kunali kulira kwa munthu amene wazindikira kuti botolo lililonse limene ankamwa ankalimira nalo mdani wake. Ndinalumbira pomwepo kuti Dalitso sadzandionanso ndili gone pansi pa mtengo.

Kubwerera kwake kunali kwa pang'onopang'ono, ndipo kunalibe chozizwitsa. Ndinakhala kwa achemwali nyengo yonse yosankha fodya, chifukwa ndikanabwerera pa Wimbe ndikanamwa tsiku lomwelo. Masiku oyamba manja ankanjenjemera moti ndindi imodzi ya fodya sindinkatha kumanga, thukuta kamukamu, m'mimba mosalandira kanthu. Alamu anandikweza pa njinga kupita kuchipatala, ndipo ndikukuuzani, zikafika pamenepo pitani, musadzipange amuna. Nditabwerera pamsika ndinasiya njira yodutsa kwa mayi wa kachasu, ndimazungulira kuseri kwa chigayo mpaka lero, ngakhale ndi kutali. Eni mafoni ndinawayendera mmodzimmodzi, ena anandilalatira, ena anandipatsa ntchito yoti ndigwire m'malo mwake. Kwa mkazi wanga sindinapite ndi pakamwa pokha, ndinatuma ankhoswe, ndipo a kwawo anati adikira kaye aone dzinja limodzi ndili bwinobwino. Anadikiradi, sanandichitire chifundo. Pano mkazi wangayo ali uko akhala kumbuyoko, akundiyang'ana ngati ndinama.

Chilakolako chikabwera, ndipo chimabwera, sindinkaimba nyimbo ayi. Ndinkakumbukira windo la galimoto likutsika. Aphunzitsi aja anali ndi makina ena otsala, a mitundu yosiyanasiyana, ndipo ndinawatenga n'kuyambiranso ntchito yonse, chifukwa Dalitso anatenga belo koma munda unali m'mutu mwanga. Nthawi imene kale ndinkapita kokamwa ndinkakhala pa mabatani. Ndinaphunzira kuyendetsa kamuvi pa makina a mtundu uliwonse umene ndinaupeza, osati kuti ndinali ndi wondigula, koma kuti manja asasowe chogwira.

Ndiye Mulungu, kapena kaya ndani, Abusa adzatiuza, anachita zake. Bungwe lija linalandira makompyuta ena akale ochuluka, koma a mtundu wina, n'kuuza katswiri wawo Dalitso kuti aikemo pulogalamu yake ija. Ataika, pa galasi pankangotuluka zinyalala, kamuvi kakusiya mzere wa nkhono uja. Analemba ganyu anyamata a ku Lilongwe, koma iwo anaphunzira za makina atsopano, akalewa anangowaseka. A bungwe anayamba kufunsa kuti munthu angalephere bwanji kukonza chimene anapanga yekha.

Anafika pakhonde panga tsiku la msika, galimoto atasiya patali. Munthu amene moyo wake wonse ankanditi iwe, tsiku limenelo anati, "Achimwene aMaliko, tingalankhulane?" Ndinamusiya ataima mpaka ndinamaliza kukonza foni imene inali m'manja, ndipo sindinafulumire. Anayamba kunena za malipiro, ndinamudula. Ndinamuuza kuti ndikonza, koma aitane a bungwe, aphunzitsi ndi matenanti a pa esiteti yawo, ndipo dzina lija, popeza ndinalilemba ndi zala zanga, alifufute ndi zala zake. Anati tingathe kukambirana mwakachetechete ngati anthu akuluakulu. Ndinamukumbutsa kuti tsiku la galimoto lija sanalankhule mwakachetechete.

Tinakumana m'kalasi, dzuwa lili pamutu. Mayi wa bungwe uja analipo, aphunzitsi analipo, matenanti anadzadza m'mawindo, achemwali anga ataima pakhomo manja ali akuda ndi utomoni. Ndinayamba ndi kuyatsa makina a mtundu winawo ndi ntchito yanga, kamuvi n'kuyenda bwinobwino kuchoka pa nkhokwe kupita pa lichero. Kenako ndinatsegula malo amene pali dzina, ndinaimirira, n'kumupatsa mpando. Anakhala, thukuta lili chuchuchu, n'kuyamba kudina batani lofufutira. Dzina lake linkatha chilembo chimodzichimodzi. Abusa, mundikhululukire, zinandikoma kuposa chilichonse chimene ndinamwapo.

Analemba kuti Maliko. Kenako chala chinaima m'mwamba. Ndinaganiza kuti wayamba kukana, koma ayi. Anatembenuka, n'kundifunsa motsitsa mawu kuti ena asamve.

"Kodi paja dzina la bambo ako ndani?"

Munthu amene anakulira pa thukuta la bambo anga, amene sukulu yake inalipiridwa ndi fodya wa bambo anga, amene anaima pa maliro awo atavala magalasi akuda. Anayankha ndi achemwali ali pakhomo pomwepo, mokweza kuti a m'mawindo amve.

"Namaona. Anakulimirani fodya mpaka kufa. Lembani."

Analemba.

Za kukhululuka Abusa akundiphunzitsabe, ndipo ndine wophunzira wochedwa. Ndikamuona Dalitso pa msewu ndimamupatsa moni, koma mumtima simunayere, sindikubisirani. Chimene ndabwera kudzakuuzani inu amene mukumwabe n'chakuti pali wina amene zimamukomera mukakhala gone pansi pa mtengo, ndipo mukumudziwa. Musamuwotchere chigafa, mupsereza achemwali anu. Dzukani, musambe, mum'mane chimene akudyera pa inu.

Mkazi wanga anabwerera, mwana wathu wayamba sukulu pomwe pali makina amenewa. M'mawa uliwonse aphunzitsi akalumikiza batire, tsamba loyamba limatuluka, timasamba ta fodya tili m'mbali, ana n'kuwerenga mokweza onse pamodzi asanayambe phunziro. Nthawi zina ndimadutsa dala kuseri kwa kalasi kuti ndimve. Bambo anga sanaone dzina lawo pa belo, koma tsiku lililonse ana a matenanti amalitchula, ndipo limamveka mpaka ku zigafa za bwana. Ndathokoza pondimvera, ine ndine Maliko Namaona.